Katanga ndi Imfa ya pa Ndola: Mafunso ndi Mayankho pa Ntchito Yoleretsa Nkhondo

Pa 11 Julayi 1960, dziko la Congo lisanathe ndi masabata awiri omwe chilandirire ufulu kuchokera kwa Belgium, Moïse Tshombe analengeza pa wailesi ya ku Elisabethville, mzinda umene lero ndi Lubumbashi, kuti chigawo cha Katanga chadzipatula ndipo tsopano ndi dziko palokha. Kumenyana ndi kukambirana kumene kunatsatira kunatenga zaka ziwiri ndi theka. Kunasonkhanitsa asilikali a United Nations pafupifupi 20,000, kunadya moyo wa nduna yaikulu yoyamba ya Congo, ndipo mlembi wamkulu wa bungwelo anafera m'nkhalango ya pafupi ndi Ndola, ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia.

Kodi Katanga anadzipatuliranji?

Gwero lake linali pansi pa nthaka. Lamba wa mkuwa umene ukukumbidwa ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Chingola sulekera pa malire, umapitirira mpaka ku Likasi ndi ku Kolwezi. Kutsidya kumeneko migodi inali m'manja mwa kampani ya Union Minière du Haut-Katanga, imene inkakumba mkuwa, kobati ndi yureniyamu. Yureniyamu wa mgodi wa Shinkolobwe ndiye anagwiritsidwa ntchito popanga bomba limene linaponyedwa pa Hiroshima mu 1945. Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera Congo yense linkachokera m'chigawo chimodzichi.

Tshombe ndi chipani chake cha Conakat ankati chuma cha Katanga chizidyedwa ku Katanga, ndipo ankafuna kuti chigawo chilichonse chizidziyendetsera zinthu zake. Patrice Lumumba, nduna yaikulu, ankafuna boma limodzi lamphamvu ku Léopoldville, kumene lero ndi Kinshasa. Mkangano wotere ukanatha kuthera m'nyumba ya malamulo. Chimene chinausandutsa nkhondo ndi dzanja la akunja. Asilikali a Congo atagalukira akuluakulu awo achizungu pa 5 Julayi, Belgium inatumiza asilikali ake ponena kuti ikukateteza nzika zake. Anatera ku Elisabethville pa 10 Julayi, ndipo m'mawa mwake Tshombe analengeza ufulu wake. Kampani ija inayamba kupereka msonkho kwa Tshombe m'malo mwa boma la ku likulu, ndipo ndalama zomwezo zinagula zida ndi kulipira asilikali aganyu ochokera ku Belgium, France, South Africa ndi Rhodesia.

Si anthu onse a ku Katanga amene anavomereza zimenezi. Aluba a kumpoto, motsogozedwa ndi Jason Sendwe ndi chipani cha Balubakat, anakana ndipo anamenyana ndi asilikali a Tshombe. Palibenso dziko ndi limodzi lomwe, ngakhale Belgium imene, limene linazindikira Katanga mwalamulo ngati dziko.

Bungwe la United Nations linalowamo bwanji?

Linachita kuitanidwa. Pulezidenti Joseph Kasavubu ndi Lumumba anatumiza lamya yopempha thandizo lochotsa asilikali a Belgium. Nthambi ya zachitetezo ya bungweli inavomereza pa 14 Julayi 1960, ndipo tsiku lotsatira asilikali oyamba anali atatera kale ku Léopoldville. Oyambirirawo ambiri anali a mu Africa momwemuno: Tunisia, Ghana, Ethiopia ndi Morocco. Kenako kunabwera a ku Sweden, Ireland, India ndi mayiko ena. Gulu lonselo linkadziwika ndi dzina lachidule lakuti ONUC.

Kodi asilikali osungitsa mtendere amasiyana bwanji ndi asilikali ena onse?

United Nations ilibe asilikali akeake. Imachita kubwereka ku mayiko, ndipo msilikali amapita ndi yunifomu ya kwawo, n'kungovala chipewa cha buluu. Chilolezo chimachokera ku nthambi ya zachitetezo, mmene mayiko asanu, America, Britain, France, Russia ndi China, lililonse lili ndi mphamvu yokana chigamulo, nkhani n'kufera pomwepo.

Ntchitoyi inaumbidwa mu 1956 pa mkangano wa ngalande ya Suez, ndipo mlembi wamkulu Dag Hammarskjöld wa ku Sweden ndiye anayala malamulo ake atatu. Asilikali alowe pokhapokha eni dziko atalola. Asakondere mbali. Asaombe mfuti kupatula podziteteza. Malamulowa amayenda bwino pamene mayiko awiri atopa ndi nkhondo ndipo akungofuna munthu woima pakati pawo. Koma chigawo chikadzipatula, lamulo lililonse mwa atatuwa limabala funso. Mwini dziko woti alole ndani, boma la ku likulu kapena amene wagwira chigawocho? Nanga kusakondera kutanthauzanji pamene mmodzi akuti dziko ndi limodzi, wina akuti ndi awiri?

N'chifukwa chiyani Lumumba anadana ndi anthu amene anawaitana yekha?

Lumumba ankayembekezera kuti asilikali a buluu amuthandiza kubweza Katanga. Hammarskjöld ankaona kuti ntchito yake ndi kuchotsa asilikali a Belgium basi, ndipo za Tshombe ndi nkhani ya m'nyumba mwa eni ake. Chigamulo cha pa 9 Ogasiti 1960 chinanenadi kuti asilikali a bungweli alowe mu Katanga koma asalowerere mkangano wa m'dzikomo. Pa 12 Ogasiti mlembi wamkuluyo anakwera ndege ndi asilikali a ku Sweden mpaka ku Elisabethville, nakambirana ndi Tshombe popanda nthumwi ya boma la Lumumba. Kwa Lumumba kumeneko kunali kulemekeza wogalukira ngati mfumu.

M'Chichewa mawu akuti kuleretsa ndi kulekerera amamveka ngati apachibale, koma ntchito zake n'zotalikirana. Woleretsa ndewu akagwira manja a munthu mmodzi yekha, mnzakeyo ali ndi chibonga m'manja, ndiye kuti wasankha kale wopambana. Ku Katanga kusalowerera kunapatsa Tshombe chinthu chimene ankachisowa kwambiri, chomwe ndi nthawi: nthawi yophunzitsa asilikali, yosindikiza ndalama zake, yokweza mbendera yake ya mitanda itatu ya mkuwa.

Lumumba atataya mtima anapempha thandizo kwa Soviet Union, ndipo kuyambira pamenepo mayiko a azungu anamuona ngati mdani. Kasavubu anamuchotsa pa udindo pa 5 Seputembala, mkulu wa asilikali Joseph Mobutu analanda boma pa 14 Seputembala, ndipo Lumumba anatsekeredwa m'nyumba mwake, asilikali a United Nations atazungulira nyumbayo, a Mobutu atazunguliranso kunja kwawo. Anathawa kumapeto kwa Novembala, nagwidwa panjira. Pa 17 Januwale 1961 anamutengera kwa adani ake ku Elisabethville, ndipo usiku womwewo anaomberedwa pamodzi ndi anzake Maurice Mpolo ndi Joseph Okito, akuluakulu a polisi ndi asilikali a ku Belgium alipo. Mtembo wake anausungunula mu asidi. Chimene chinatsala ndi dzino limodzi, limene Belgium inalibweza kwa abale ake mu Juni 2022.

Imfa imeneyi ndiyo inasintha malamulo. Pa 21 Febuluwale 1961 nthambi ya zachitetezo inalola asilikali ake kugwiritsa ntchito mphamvu ngati njira zina zonse zoletsera nkhondo yapachiweniweni zakanika, inalamulanso kuti asilikali achilendo ndi aganyu achoke.

Nanga Northern Rhodesia inali mbali iti?

Boma linali mbali ina, anthu ambiri mbali ina. Nthawi imeneyo dziko lino linali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo nduna yaikulu yake, Roy Welensky, ankaona Katanga ngati mpanda wotchinga ulamuliro wa anthu akuda kuti usatsikire kummwera. Asilikali aganyu ndi katundu wawo ankadutsira ku Ndola ndi m'njira za pa malire monga Kipushi. Malasha a ku Wankie ankapita ku ng'anjo za Katanga pa njanji, ndipo mkuwa wina unkatulukira njira yomweyo kupita ku Beira. Chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda chinkamuona Tshombe ngati chida cha atsamunda, pamene ANC ya Harry Nkumbula inapalana naye ubwenzi, zimene zinadzaiwonongera mbiri. Chaka cha 1961 chomwechi ndicho chinali chaka cha Cha Cha Cha, pamene milatho ndi misewu ya ku Luapula ndi kumpoto inkatsekedwa pokana malamulo oyendetsera dziko amene atsamunda anakonza.

Chinachitika n'chiyani pa Ndola mu Seputembala 1961?

Mu Ogasiti Congo inapeza boma latsopano la Cyrille Adoula, lovomerezedwa ndi nyumba ya malamulo. Pa 28 Ogasiti asilikali a United Nations anagwira asilikali achizungu ambiri ku Katanga popanda kukhetsa magazi. Pa 13 Seputembala anayesanso, tsopano ndi cholinga chogwira nduna za Tshombe, koma anapeza anzawo atakonzeka. Mzinda wa Elisabethville unasanduka bwalo la nkhondo. Ku Jadotville, lero Likasi, asilikali a ku Ireland oposa 150 anazingidwa kwa masiku angapo mpaka madzi ndi zipolopolo zinawathera, nadzipereka. Kandege kamodzi ka nkhondo ka mtundu wa Fouga kankawaponyera mabomba mmene kafunira, pakuti United Nations inalibe ndege yankhondo ndi imodzi yomwe. Aluba masauzande ambiri anathawira pafupi ndi misasa ya asilikali a buluu kufuna chitetezo. Tshombe anawolokera ku Northern Rhodesia.

Hammarskjöld, amene anali ku Léopoldville, anaganiza zokakumana naye maso ndi maso pa Ndola. Ananyamuka madzulo a pa 17 Seputembala pa ndege ya DC-6 yotchedwa Albertina, nazungulira njira yaitali ya kum'mawa poopa Fouga uja. Pakati pa usiku patangodutsa pang'ono, ndegeyo inalankhula ndi nsanja ya pa Ndola kuti yaona magetsi a bwalo ndipo ikutsika. Inadutsa pamwamba pa bwalolo, osaonekanso. Kazembe wa Britain, Lord Alport, amene ankadikira pabwalopo, anati mwina mlendoyo wasintha maganizo n'kupita kwina. Magetsi anazimitsidwa, anthu anakagona.

Akuluakulu a boma anafika pamalo a ngozi masana a tsiku lotsatira, patadutsa maola pafupifupi 15, chonsecho malowo ali pafupi ndi tauni. Mwa anthu 16, mmodzi yekha, Harold Julien, anapezeka akupuma, atapsa kwambiri ndiponso atakhala padzuwa tsiku lonse. Anamwalira patapita masiku ochepa. Mtembo wa Hammarskjöld unapezeka pafupi ndi chulu, wosapsa. Pangano loleka kumenyana linasainidwabe pa Ndola pomwepo pa 20 Seputembala, pakati pa Tshombe ndi Mahmoud Khiari wa ku Tunisia, woimira United Nations.

Kodi ndegeyo inagwa yokha kapena inagwetsedwa?

Kafukufuku wa boma la chitaganya mu 1962 anati woyendetsa ndege ndiye analakwitsa potsika. Wa United Nations chaka chomwecho sanatseke mlandu: sanapeze umboni wokwanira wakuti inaomberedwa, koma anakananso kunena kuti zimenezo sizikanatheka.

Panali anthu amene anaona. Amuna ootcha makala amene anagona m'nkhalango usiku umenewo kulondera mauvuni awo, ndiponso anthu a m'komboni ya Twapia, anafotokoza kuti anaona ndege ina yaing'ono pamwamba pa yaikuluyo, ena anaona moto ndege isanagwe. Mmodzi wa mbonizo anali Timothy Kankasa, mlembi wa komboniyo, amene pambuyo pake anadzakhala mmodzi wa akuluakulu m'boma la Kaunda. Oweruza achitsamunda anataya umboni wawo ponena kuti ngosadalirika kapena kuti akunena chifukwa chodana ndi chitaganya. Pamenepa panalakwika kwambiri. Anthu amene anali pafupi kuposa wina aliyense ndi amene anamvedwa pang'ono kuposa onse, ndipo chifukwa chake chinali khungu lawo.

Mlandu suwola. Buku la Susan Williams la mu 2011 linautukula, ndipo kuyambira 2015 United Nations inaupereka kwa Mohamed Chande Othman, amene anali mkulu wa oweruza ku Tanzania. Mu 2017 iye anapeza kuti n'zomveka kuganiza kuti ndegeyo inaukiridwa kapena kuopsezedwa kuchokera kunja, ndipo anati umboni wa anthu akuda aja unayenera kulemekezedwa. Wakhala akudandaulanso kuti America, Britain ndi South Africa sanatulutse zonse zimene zili m'nkhokwe zawo za zikalata. Malo a ngoziyo lero ndi chikumbutso chotetezedwa ndi boma la Zambia.

Chinathetsa kudzipatulaku n'chiyani, zokambirana kapena mfuti?

Zokambirana zinalipo zambiri. Atsogoleri a Congo anakumana ku Tananarive mu Malichi 1961 ndi ku Coquilhatville mwezi wotsatira. Nkhondo itabukanso mu Disembala, Tshombe anapita ku Kitona, ndipo pa 21 Disembala 1961 anasaina kuti Congo ndi dziko limodzi ndipo Kasavubu ndiye mtsogoleri wake. Atabwerera kwawo anati zimenezo ziyambe zavomerezedwa ndi nyumba ya malamulo ya Katanga. Umu ndi mmene ankachitira nthawi zonse: akapanikizika asaina, akapuma akana. Miyezi ingapo ya 1962 inathera m'misonkhano yopanda mutu ndi Adoula. Malinga ngati ndalama za migodi zinkalowabe m'thumba mwake, analibe chomufulumizitsa.

Mlembi wamkulu watsopano, U Thant wa ku Burma, anabweretsa dongosolo lake mu Ogasiti 1962: Congo ikhale ya zigawo zokhala ndi mphamvu zina, ndalama za migodi zigawidwe pakati, asilikali aphatikizidwe, olakwa akhululukidwe, ndipo Katanga akakana, mayiko aleke kugula mkuwa ndi kobati wake. Boma la America la John F. Kennedy linaima kumbuyo kwa dongosololi. Asilikali a Tshombe atayamba kuombera misasa ya United Nations pa nyengo ya Khrisimasi, bungweli linayankha pa 28 Disembala 1962, tsopano lili ndi ndege zankhondo. Asilikali a ku India anawoloka mtsinje wa Lufira, nalowa mu Jadotville pa 3 Januwale 1963. Tshombe anaopseza kuti aphulitsa migodi ndi madamu a ku Kolwezi, koma pakati pa mwezi womwewo analengeza kuti kudzipatula kwatha, ndipo pa 21 Januwale asilikali a buluu analowa mu Kolwezi popanda kuomba mfuti.

Choncho mfuti ndiyo inatseka nkhani, koma inatero m'masabata atatu okha chifukwa akazembe anali atamulanda kale Tshombe abwenzi ake. Mtengo wake unali waukulu. Antchito a United Nations okwana 250 anafa, osawerengera anthu wamba a ku Congo amene palibe anawawerenga bwino. Soviet Union ndi France anakana kusonkha ndalama za ntchitoyi, bungwe mpaka linachita kukongola. ONUC inachoka pa 30 Juni 1964, ndipo mwezi wotsatira Tshombe yemweyo anakhala nduna yaikulu ya Congo yense. Asilikali ake amene anathawira ku Angola anabwereranso ndi nkhondo mu 1977 ndi 1978, ndipo ulendo wachiwiriwo anadutsira m'dera la Mwinilunga popita ku Kolwezi.

N'chifukwa chiyani mayiko a mu Africa amakana kwambiri kuti chigawo chidzipatule, chonsecho malire anajambula ndi atsamunda?

Yankho limaoneka bwino pa Mtenguleni, Loweruka lomaliza la Febuluwale, pa mwambo wa Nc'wala. Magulu a ngoma amalowa m'bwalo atavala zikopa, zishango ndi zibonga zili m'manja, fumbi lili koboo, ndipo Nkhosi ya Makhosi Mpezeni amalawa zipatso zoyamba za m'munda ndi magazi a ng'ombe yakuda. Pakati pa ovinawo ndi alendo pamakhala Angoni amene adutsa pa chipata cha Mwami kuchokera ku Mchinji, ku Ntcheu ndi ku Mzimba. Makolo a ambiri mwa iwo anawoloka Zambezi limodzi mu 1835, koma lero ali ndi ziphaso za mayiko osiyana. Mu Ogasiti pa Mkaika, ku Katete, mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi mmodzi. Kumpoto nakonso n'chimodzimodzi: Alamba ali mbali zonse za malire a Copperbelt, Alunda a Mwata Kazembe anagawidwa ndi mtsinje wa Luapula, ndipo mwendo wa Katanga umene unalowa pakati pa Zambia, umene apaulendo a ku Mansa amaudula kuchokera pa Mokambo kukafika pa Chembe, unachokera m'mapangano a Britain ndi mfumu Leopold ya ku Belgium.

Mtundu uliwonse utati ukonze malire potsata kumene abale ake ali, palibe dziko limene lingatsale. Atsogoleri amene anakumana ku Cairo mu Julayi 1964 pansi pa bungwe la Organisation of African Unity anali ndi Katanga m'maganizo pamene anagwirizana kuti malire amene dziko lililonse linawapeza polandira ufulu alemekezedwe. Lamuloli lili ndi nkhanza zake, pakuti nthawi zina limatsekera anthu m'nyumba imodzi ndi amene akuwazunza. Koma zimene zimachitika pa Mtenguleni ndi pa Mkaika zikusonyeza kuti ufumu ndi chibale zimatha kuwoloka malire popanda kuwasuntha.

Kodi Zambia yakhala ikutsata lamulo limeneli nthawi zonse?

Ayi. Mu Meyi 1968 Kaunda anazindikira Biafra, chigawo chimene chinadzipatula ku Nigeria, pamodzi ndi Tanzania, Gabon ndi Côte d'Ivoire, chifukwa cha kuphedwa ndi njala ya Aigbo. Biafra inagonja mu Januwale 1970. M'dziko momwemuno muli nkhani ya Barotseland: pangano limene Kaunda, Litunga Mwanawina III ndi nduna ya Britain Duncan Sandys anasaina ku London pa 18 Meyi 1964 linathetsedwa mphamvu mu 1969, ndipo mu Malichi 2012 msonkhano waukulu wa ku Limulunga unagamula zofuna kudzilamulira, boma n'kukana. Pa ntchito ya ukhalapakati, Lusaka ndi kumene kunasainidwa pangano la mtendere la Angola mu 1994, ndiponso la Congo pa 10 Julayi 1999, Frederick Chiluba ali mkhalapakati. Pangano lachiwirili ndilo linabwezeretsa asilikali a buluu ku Congo.

Nanga asilikali a Zambia anakumanapo ndi vuto lofanana ndi la ku Katanga?

Anakumana nalo ku Abyei, dera limene Sudan ndi South Sudan akulimbirana. Pangano la 2005 limene linathetsa nkhondo ya ku Sudan linalola anthu a kummwera kuvota ngati akufuna kudzipatula, ndipo South Sudan inabadwa pa 9 Julayi 2011, monga Eritrea inachitira mu 1993, boma la ku likulu litavomereza. Asilikali a Zambia ndi amene ankalondera tauni ya Abyei pansi pa United Nations pamene gulu lankhondo la Sudan linailanda mu Meyi 2011. Nyumba zinatenthedwa, anthu masauzande ambiri anathawa, ndipo asilikaliwo anadzudzulidwa kuti anakhala mumsasa. Funso linali lomwe lija la mu 1960: gulu lochepa, la zida zopepuka, limene lili m'dziko mwa chilolezo cha boma, lingachitenji boma lomwelo likabwera ndi akasinja? Mayi wa ku Chipata amene mwana wake wachoka pa Gondar Barracks kupita ku ntchito yotere ali ndi ufulu wofunsa ngati amene akumutumayo amupatsa lamulo lomveka ndi zida zolingana nalo. Kuyambira 2015 gulu lina la Zambia lakhala likugwira ntchito ku Birao, m'dziko la Central African Republic.

Ku Abyei kunatumizidwa gulu latsopano la asilikali a ku Ethiopia mu Juni 2011. Anthu a kumeneko analonjezedwa kuti adzavota mu Januwale 2011 kusankha dziko limene akufuna kukhalamo, koma mbali ziwirizo zinakanika kugwirizana ngati abusa a Misseriya, amene amabwera ndi ng'ombe zawo m'chilimwe, angavote limodzi ndi a Ngok Dinka. Voti yovomerezeka ndi mbali zonse sinachitike mpaka lero, ndipo asilikali a zipewa za buluu akadali komweko.